Mikanjo ya Idi ndi Mahita a Abiti Saidi

Ana anga Tadala ndi Mphatso, mwakhala mukundiumiriza kuti ndilembe za ntchito yanga, popeza tsopano mawondo andikhazika pansi. Za ubwana wanga ku Dowa ndizisiya. Sukulu ndinalekezera Sitandade 7, ndipo zina zonse munazimva kale kwa agogo anu. Moyo wanga wonse ndakhala wochapa zovala za anthu, ku Katawa poyamba, kenako ku Luwinga kumene ndinkachapira ana a sukulu ya ukachenjede mpaka kupuma kwanga. Koma ntchito imene inandiphunzitsa zambiri, ndiponso imene ndinasekako kwambiri, ndi yoyamba ija, ya kwa Abiti Saidi.

1998, Katawa

Tinafika ku Mzuzu bambo anu atapeza ntchito ya ukalipentala. Tinkachita lendi kachipinda ku Chibavi, iwe Tadala uli wa kumsana. Dzina langa linasintha sabata yomweyo. Kwathu ndinali Nabanda, koma mayi wa nyumba yoyandikana nafe, a NyaGondwe, anati kuno kulibe zimenezo, ndine NyaBanda, ndipo linakhala lomwelo. A NyaGondwe anali aakulu kwa ine, aatali, oyankhula Chichewa chokoma Chitumbuka, ndipo ankagwira ntchito yosita ku Katawa. Tsiku lina anandipeza ndikuyanika matewera, nandiuza kuti kuntchito kwawo akufuna munthu wochapa. Nditafunsa za mwana anati, "Mwana ngwinu, msana ngwinu. Tiyeni naye."

Abiti Saidi anali mayi wachisilamu wa ku Mangochi, wamfupi, wa mawu omveka mpaka kumsewu. Amuna awo, Che Yusufu, anali ndi golosale kutsogolo kwa nyumba ndipo ankapita ku Joni kukapikula katundu. Kuseri n'kumene kunali kochapira. Abiti sanandifunse za sukulu. Anati, "Mwanangu, m'chikwama chakocho muli thewera la mwanayu? Tandipatsa." Analitambasula, kuliyang'ana cha kudzuwa, kulinunkhiza, n'kundibwezera. "Munthu woyeretsa thewera chonchi sangandichititse manyazi pa malaya a bwana. Uyambe mawa." Mayeso anga anali omwewo.

Kuchapa sikunandivute. Chimene chinandidabwitsa n'kuumitsa. Ku Dowa ukayanika chovala, usanamalize kusesa pabwalo chauma. Ku Mzuzu mvula imatha kuchita mvumbi mpaka kuiwala nkhope ya dzuwa, ikaleka kumabwera mawawa, mawawa akaleka chifunga. Chovala chimakhala pa waya mpaka kuchita chuku. N'chifukwa chake Che Yusufu anabweretsa kuchokera ku Joni mahita awiri a parafini, ooneka ngati timigolo toimirira. Ankakhala m'chipinda chakuseri momwe munali mawaya oyanikapo. A NyaGondwe ankati mahitawo ali pa mitala, ndipo anawapatsa maina akuti Wamkulu ndi Wamng'ono. "Ukasamala mmodzi, winayo wayamba kufuka. Nsanje chomene."

Kuyatsa ndi kusamala mahitawo kunagwera ine, ndipo anandiphunzitsa ndi Che Yusufu, munthu wofatsa, woyankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. Anandionetsa thanki ya parafini pansi, chingwe chozungulira chimene chimamwa parafiniyo n'kumayaka, ndi chitsulo cha mabowo chimene chimakhala pamwamba pa chingwecho. "Uziyang'ana lawi," anatero. "Likakhala la buluu, lofanana kuzungulira konse, pita ukachape. Likayamba chikasu, hita ikudandaula, ndipo ukainyalanyaza ilavula mwaye." Zodandaula zake zinali zochepa. Mwina chingwe wachikweza kwambiri. Mwina chitsulo cha mabowo chakhala mopendekeka, ndiye umachigwedeza pang'ono mpaka chikhazikike. Mwina mphepo ya pakhomo ikuwomba lawi. Mwina parafini ali ndi madzi kapena dizilo. Kuyatsa ndi kuzimitsa kunali kwa pakhonde, chifukwa nthawi ziwiri zimenezo hita iliyonse imafuka. Ndipo zenera la chipindacho silinkatsekedwa lonse, ngakhale kuzizire bwanji. "Imapuma mpweya womwe ukupuma iwewo," anatero. "Ukaimana, ilanda wako ndi wa mwanayo."

1999

Chaka chimenechi ndimachikumbukira ndi chimwemwe. Iwe Tadala unayambira kuyenda pakati pa mabeseni a Abiti, ndipo unkawaitana kuti anganga. Iwo ankakubisira mabisiketi a m'golosale mu mpango wawo, Che Yusufu n'kumanamizira kuti sakuona. Lachisanu masana iwo akapita kumzikiti ine ndi a NyaGondwe tinkayang'anira zonse, Lamulungu iwo ankatiuza kuti tisaoneke n'komwe. Makasitomala anali aphunzitsi, anamwino, akalaliki a m'maofesi, ndi amalonda achisilamu anzawo a Che Yusufu.

Chosowa chathu chinali zingwe za mahita. Mu Mzuzu monse simunkapezeka, zinkayenera kuchokera ku Joni. Ulendo uliwonse Abiti ankawakumbutsa amuna awo mpaka pa depoti, ulendo uliwonse Che Yusufu ankabwera ndi mipango, nsapato ndi mafuta onunkhira a akazi awo, zingwe ataiwala. Choncho ndinaphunzira kusunga zomwe zinalipozo. Ndinkapala makala a pamwamba pa chingwe ndi kabulashi, kudula pang'ono kwambiri ndi sizasi, mofanana kuzungulira konse, ngati mmene umametera mwana wosakhazikika.

Panali chinthu chimodzi chimene chinkawawawa Abiti. Chovala chouma ndi hita chimatenga kafungo ka parafini, kochepa, koma kamakhalapo. Mphunzitsi wina atabwera kudzatenga malaya ake anawanunkhiza n'kunena moseka kuti, "Amayi, ana a m'kalasi mwanga aziti aphunzitsi ndi nyali." Ife tinaseka. Abiti sanaseke, ndipo tsiku lonselo ankangobwereza mawuwo pansipansi.

Disembala 1999 mpaka Januwale 2000

Chaka chimenecho mwezi wosala kudya wa Asilamu unagwa m'dzinja, ndipo Idi, chikondwerero chomasulira, inali kubwera kumayambiriro kwa Januwale. Pa Idi mwamuna aliyense amavala mkanjo woyera popita kukapemphera. Abiti analonjeza amayi a kumzikiti kwawo kuti asavutike ndi mvula, mikanjo ya amuna awo ndi ana awo aibweretse ku Katawa, idzabwerera youma, yositidwa, yoyera ngati ufa woyera. Inabweradi, mitolo ndi mitolo. Tsiku lenileni la Idi silidziwika mpaka mwezi uoneke, ndipo ku Mzuzu ndi mitambo ija palibe ankauona, ankadikira kumva pa wailesi. Chimene tinkadziwa n'choti yayandikira, ndipo anthu ambiri mwa amenewo analibe mkanjo wachiwiri.

Woyamba kundiuza kuti zinthu sizili bwino unali iwe, Tadala. Ndikukupukuta mamina ndinaona kuti nsalu yada. Ndinathamangira m'chipinda cha mahita chija, iwe ukunditsatira. Malawi a mahita onse awiri anali achikasu, akuvina, ndipo pa mapewa a mikanjo panali timadontho totuwa, ngati munthu wawaza tsabola. Ndinakutulutsa, n'kutsegula zenera lonse. Ndinatsitsa zingwe, utsi sunaleke. Ndinakhazika bwino zitsulo za mabowo. Ndinasuntha mahitawo kuwachotsa kumphepo. Ndinapala zingwe. Zinakhalako bwino pang'ono, koma m'mawa mwake mwaye unachuluka kuposa dzulo, mpaka kudenga kunada.

Abiti anati wolakwa amudziwa. Anali bambo wa ku Chibavi amene ankatigulitsa parafini m'chigubu. "Wayamba kusakaniza ndi dizilo. Che Yusufu akangotseka golosale masana ano apita akamuone." Ine sizinandikhutiritse, chifukwa parafini wa bambo yemweyo ndi amene ndinkayatsira nyali kunyumba, ndipo sankafuka. Abiti atapita kumsika ndinazimitsa Wamkulu pakhonde, kudikira azizire, n'kuchotsa chitsulo cha mabowo. Pamwamba pa chingwe panali zomata zofiirira, zolimba ngati shuga wopserera mu poto. Ndinapalako ndi chikhadabo n'kununkhiza. Sanali dizilo. Linali fungo limene ndinkalimva tsiku lililonse pamutu pako, Abiti akakunyamula.

Ndinaitana a NyaGondwe n'kuwapatsa chala changa kuti anunkhize. Anayang'ana kumsewu kaye asanayankhe.

"Ine ndinaona kale," anatero. "Mwezi uno amadzuka m'bandakucha kudya daku, chakudya cha osala chija, ndiye amathira okha parafini ife tisanafike. Dzana ndinalawirira, ndinawapeza akudontheza mafuta a ku Joni aja mu thanki."

"Ndiye bwanji simunanene?"

"Ine yayi, NyaBanda. Munthu ali ndi njala ya tsiku lonse, ndiye ndikamuuze kuti mafuta amene anam'gulira mwamuna wake ndi amene akudetsa mikanjo? Ndili ndi ana ine."

"Nanga mikanjoyi?"

"Mwina Idi ichedwa."

Ndinakhala pa chidebe n'kuganiza. Kwathu mwana sauza wamkulu kuti mwalakwa, makamaka wamkulu amene wakulandira ndi mwana kumsana. Abiti sanachite zimenezi mwa ulesi, ankafuna kuti pa Idi pasapezeke munthu wonunkha nyali. Komanso kuzimitsa mahita kunali kusiya chipinda chodzaza mikanjo yonyowa popanda moto, mvula ikugwa. Koma kuwasiya akuyaka kunali kutumiza amuna onse aja kukapemphera atavala mwaye, ndipo dzina lodetsedwa likanakhala la Abiti, pamaso pa amayi onse amene anawalonjeza. Ndinaimirira, ndinatulutsanso Wamng'ono, n'kumuzimitsa.

Abiti pobwera anapeza mahita onse awiri ali pakhonde, ozizira. Mawu awo anatsika, ndipo n'chimene chinandiopsa kuposa kukuwa.

"Wazimitsa ndani?"

Ndinagwada. "Ndine, amayi. Ndikupempha mundilole ndikuonetseni kanthu kaye, kenako mundikalipire."

"Onetsa."

Ndinali nditatenga nyali ziwiri za koloboyi za m'golosale. Mu ina ndinathira parafini wa m'chigubu cha bambo wa ku Chibavi uja, mu inayo wochokera mu thanki ya Wamkulu. Ndinayatsa zonse, n'kuwapempha kuti agwire kambale koyera pamwamba pa iliyonse. Koloboyi sakhala wopanda utsi, koma yoyamba inangosiya kachizindikiro kotuwa. Yachiwiri inadetsa kambale bii, ndipo pakhonde ponse panamveka fungo lokoma la maluwa opserera. Che Yusufu anali atatuluka m'golosale ataima kumbuyo kwa akazi awo. A NyaGondwe ankasita pilo imodzi yomweyo, yosita kale.

Abiti anayang'anitsitsa kambaleko. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ndinkaganiza kuti akulira, koma kunali kuseka, kuseka mpaka kukhala pansi pa simenti yonyowa.

"Ndiye utsi ukachuluka ine ndimawonjezera," anatero akupukuta misozi ndi mpango. "Ndimati fungo la parafini lakula, ndithire ambiri. Botolo latsala pang'ono kutha."

"Liti limenelo?" anafunsa Che Yusufu.

"Lagolide lija."

"Abiti, lija ndinagulira khosi lanu. Hita ilibe khosi."

"Mukanagula zingwe zimene ndimakutumani, bwenzi mulibe ndalama zogulira mafuta." Anatembenukira kwa ine. "Dzuka mwanangu, unyowetsa chitenje. Tsopano titani?"

Funso limenelo linali lalikulu kuposa loyamba lija. Mikanjo yonse inafunika kuchapidwanso, chifukwa mwaye wa parafini uli ndi mafuta, suchoka ndi kukutumula kokha. Mahita anafunika kukhuthula, kutsuka mathanki ndi parafini woyera, ndi kudula mbali yonse yomata ya zingwe. Nditadula cha Wamng'ono chinatsala chokwanira. Cha Wamkulu, chimene chinali chakale, chinafupika moti ngakhale upotokole bwanji sichinkafikanso pamwamba. Hita imodzi sikanaumitsa mulu wonse uja, ndipo masana omwewo mnzake wa Che Yusufu anadutsa n'kunena kuti anthu akuti mwezi ukhoza kuoneka mawa madzulo.

Apa ndi pamene a NyaGondwe anaika simbi yawo pansi. Anati amayi a kumpingo kwawo anali ndi msonkhano masana amenewo, ndipo palibe mmodzi mwa iwo amene alibe simbi ya makala, chifukwa yunifolomu yawo nayonso ndi yoyera ndipo Mzuzu ndi yemweyu. "Inu chapani," anatero. "Zouma musiyire ine." Anatenga ambulera n'kupita. Ine ndi Abiti tinatereka madzi. Tinayamba takutumula mkanjo uliwonse panja usananyowe kwambiri, kenako madzi otentha ndi sopo, kutsukuluza, n'kuviika m'madzi a buluu. Abiti anachapa nane limodzi mpaka dzuwa kulowa, pakamwa pouma, osadandaula.

M'mawa mwake ndinayatsa Wamng'ono pakhonde, chingwe chitagona mu parafini woyera. Anafuka pang'ono monga mwa masiku onse, kenako lawi linakhazikika, la buluu kuzungulira konse. Ndinam'lowetsa. Ndikutuluka ndinaona mzere wa maambulera ukutsika msewu wa matope, amayi a Chitumbuka, aliyense simbi m'manja, ena atasenza timatumba ta makala.

"Monire mama," anatero wotsogola, mayi wa imvi amene ankamutcha NyaMhango. "Tamva kuti kuno kuli ntchito ya zoyera."

Abiti, amene sindinawaonepo akusowa mawu, anangogwira manja a mayiyo n'kumati, "Yewo, yewo chomene."

Tinatulutsa matebulo onse, ngakhale chitseko chakale tinachigoneka pa zidebe. Ine ndi Abiti tinkakulunga mkanjo uliwonse m'thawulo n'kupotokola, wina uku wina uku, kuti madzi achepe. Amayi aja ankasita pamwamba pa nsalu yoyera mpaka nthunzi itachepa, ndipo ine ndinkatenga n'kukapachika kwa Wamng'ono kuti amalize m'misoko ndi m'makolala. Makala ankawonjezera kuseri kwa nyumba kuti phulusa lisauluke. Patapita nthawi NyaMhango anafunsa mwaulemu ngati angaimbeko, popeza manja awo sazolowera kugwira ntchito chete, koma nyimbo zimene amadziwa ndi za kutchalitchi.

"Imbani," anatero Abiti. "Mkanjo ulibe makutu."

Anaimba tsiku lonse. Abiti anawaphikira tiyi wamkaka ndi mandasi, iwo osalawa kanthu. Amayi aja poyamba anakana, akuti sangadye pamaso pa munthu wosala, koma Abiti anati akakana ndiye kuti kusala kwawo kwapita pachabe, ndipo mandasi anatha. Aliyense ankafunsa mwini wa mkanjo umene akusita. Uwu ndi wa bambo wogulitsa nsalu pamsika, uwu wa telala wa pafupi ndi depoti. "Wa nsaluyu anandidulira chitenje choperewera," anatero mayi wina, "koma kolala yake ndiisita bwino kuti achite manyazi." NyaMhango anatenga mkanjo waukulu kuposa yonse, wa mkulu wina wokalamba wotchedwa Che Bakali, n'kuusita kawiri. Mafuta otsala m'botolo lagolide lija Abiti anawapaka pa tizidutswa ta nsalu n'kulowetsa m'mikanjo yopindidwa. Dzuwa lisanalowe eni ake anayamba kubwera kudzatenga, ndipo palibe amene anabwerera chimanjamanja. Madzulo amenewo wailesi inalengeza kuti mwezi waoneka.

M'mawa wa Idi amayi aja anabweranso, chifukwa Abiti anawaitanira mpunga ndi nyama ya mbuzi. Anafika molawirira dala. Tinaima tonse pakhonde la golosale, iwe Tadala uli m'manja mwa a NyaGondwe, kunja kukugwa mawawa. Amuna anayamba kudutsa kupita kokapemphera, awiriawiri, atatuatatu, abambo ndi ana awo, oyera mbee pa msewu wofiira uja. Amayi aja ankalozerana ndi milomo. "Uyo ngwane." "Wa kolala yowongoka uyo ndine." Amunawo sankadziwa chimene amayi a kutchalitchi akuwayang'anira chotero, ena ankadziyang'ana pachifuwa kuopa kuti mwina adontheza kanthu.

Pomaliza penipeni panabwera Che Bakali ndi ndodo yawo, akuyenda pang'onopang'ono, mpendero wa mkanjo utatsala pang'ono kukhudza chithaphwi. NyaMhango sanapirire. Anatsika pakhonde wopanda ambulera n'kukaima kutsogolo kwawo.

"Dada, kwezani mkanjowo. Ndasita ine."

Mkulu uja anamuyang'ana, anayang'ana Abiti amene ankaseka atagwira pamimba, kenako anapachika ndodo pamkono, anagwira mkanjo wake ndi manja awiri n'kuukweza mpaka m'mawondo, ndipo anapita choncho mpaka kukhota pa ngodya.